Funsani Tikuyankheni: Mitundu ya Nebula ndi Thambo la Lilongwe

Mvula yatha, thambo layera, ndipo makalata ofunsa za kujambula zakumwamba achuluka pa desiki pathu. Mwezi uno tasankha anayi, onse okhudza nebula, imene ndi mitambo ikuluikulu ya mpweya ndi fumbi yopezeka pakati pa nyenyezi. Makalata ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Area 25. Usiku wina wa mu Febuluwale kutayera, mnzanga anabwera ndi telesikopu ndipo tinaonetsa ana a Fomu 3 nebula ya Orion, ija ili pafupi ndi nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana. Chimene anaona ndi kankhungu kotuwa basi. Mtsikana wina anatulutsa chithunzi cha pa intaneti chodzaza ndi mitundu ya golide ndi buluu, n'kundifunsa ngati zithunzi zoterozo sizongopenta pa kompyuta. Ndinasowa choyankha. Kodi zoona zake n'zotani? Mphunzitsi, Area 25.

Aphunzitsi, mwana wanuyo wafunsa funso limene aliyense wojambula nebula amayenera kuliyankha mosabisa. Kuwala kumene kuli m'zithunzizo n'kwenikweni, kunachokeradi ku nebula n'kudzagwera pa sensa ya kamera, koma mitundu imene kuwalako kwavekedwa nthawi zambiri imakhala yochita kusankha, ndipo kusankhako kuli ndi chifukwa chomveka.

Tiyambe ndi diso. Mumdima diso limadalira maselo osasiyanitsa mitundu, amenenso samva bwino kuwala kofiira, n'chifukwa chake chitenje chofiira choiwalika pa chingwe chimaoneka chakuda usiku wa mwezi. Komanso diso silisunga kuwala, pamene kamera ikhoza kukhala chitsegukire kwa mphindi zisanu ikulandira pang'onopang'ono monga ndowa yotchera madzi a mvula pakhonde. Henry Draper, amene anali woyamba kujambula nebula ya Orion yomweyi pa 30 Sepitembala 1880, anasiya kamera yake yotsegula kwa mphindi pafupifupi 50. Kuwala kumene ana anu anaona kunali kutayenda zaka pafupifupi 1,350, ndipo sikunali kochepa mtengo chifukwa choti kunaoneka kotuwa.

Nebula ngati ya Orion imawala yokha. Nyenyezi zotentha kwambiri zimene zili pakati pake zimatulutsa kuwala kwa ultraviolet kumene kumachotsa ma elekitironi ku maatomu a mpweya, ndipo ma elekitironi akamabwerera m'malo mwawo amatulutsa kuwala kwa utali wa funde wodziwika bwino, osati kwa mitundu yonse ngati babu la m'nyumba. Haidrojeni amawala kwambiri pa nanomita 656.3 (nanomita ndi muyezo waung'ono kwambiri wa utali wa funde la kuwala), pamene elekitironi yatsika kuchoka pa mlingo wachitatu kufika pa wachiwiri, ndipo kuwala kwa utali umodzi kotereku timakutcha mzere; mzere umenewu umatchedwa H-alpha. Okosijeni amene wataya ma elekitironi awiri amawala pa nanomita 500.7, mtundu wapakati pa wobiriwira ndi buluu, ndipo timaulemba kuti OIII. Salfa amene wataya elekitironi imodzi amawala pa 671.6 ndi 673.1, ndiye SII. Nkhani ya OIII ingakondweretse ana anu. William Huggins anaona mzere wobiriwirawu mu 1864, koma panalibe chinthu cha padziko pano chimene chinkautulutsa, mpaka akatswiri anaganiza kuti kumwamba kuli chinthu chachilendo n'kuchipatsa dzina loti nebulium. Munali mu 1927 pamene Ira Bowen anaonetsa kuti ndi okosijeni yemweyu amene timapuma, kungoti m'nebula mpweya ndi wopyapyala kwambiri moti maatomu amatenga nthawi asanagundane, zimene zimawapatsa mpata wotulutsa kuwala kumene sangatulutse mu mpweya wothinana.

Ojambula amalekanitsa mizereyi ndi fyuluta ya narrowband, kagalasi koikidwa patsogolo pa sensa, imene imagwira ntchito ngati sefa ya ufa. Imalola kampata ka nanomita 3, 5 kapena 7 kuzungulira mzere umodzi, zina zonse n'kutsalira kunja. Vuto limabwera pophatikiza. H-alpha ndi SII zonse ndi zofiira kwambiri, zimangosiyana ndi nanomita pafupifupi 15, ndipo mukaziika monga zilili simungadziwe pamene pali salfa ndi pamene pali haidrojeni. Pa chithunzi chotchuka cha Pillars of Creation, choonetsa zipilala za mpweya ndi fumbi, chimene Jeff Hester ndi Paul Scowen anakonza mu 1995 kuchokera ku telesikopu ya Hubble, SII inaikidwa ngati mtundu wofiira, H-alpha ngati wobiriwira, OIII ngati buluu. Dongosolo limeneli lero limatchedwa SHO kapena Hubble palette. Popeza haidrojeni ndiye wochuluka, chithunzi chotere chimayamba chili chobiriwira chokhachokha, ndipo okonza akachepetsa kubiriwirako m'pamene pamatuluka golide ndi buluu amene mtsikana uja anaona.

Ine ndikanawatengera ana mapu a m'buku la jogalafe, mmene mapiri amakhala ofiirira ndipo zigwa zimakhala zobiriwira. Palibe amene amanena kuti mapuwo ndi abodza chifukwa phiri la Mulanje silofiirira chomwecho, poti m'mbali mwake mwalembedwa tanthauzo la mtundu uliwonse. Chithunzi cha SHO ndi mapu a mpweya. Bodza limayamba pamene munthu wawonjezera chinthu chimene kamera sinagwire, kapena wabisa mmene wakonzera, ndipo n'chifukwa chake ine sindiika chithunzi pagulu popanda kulemba pansi pake mafyuluta amene ndagwiritsa ntchito, maola amene ndajambula, ndi mtundu umene ndapatsa mzere uliwonse.

Akonzi, ndili ndi kamera ya Canon yochotsedwa galasi lotchinga kuwala kofiira, telesikopu yaing'ono ya mamilimita 72, mount (chida chonyamula telesikopu) yotsata nyenyezi, ndi fyuluta ya Optolong L-eXtreme imene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndinajambula nebula ya Carina kuseri kwa nyumba, zithunzi 20 za mphindi ziwiri chilichonse. Chatuluka n'chofiira psuu paliponse, ndipo ndikayesa kukweza buluu chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga, komanso m'makona ndi mwakuda. Ndalakwitsa pati? Bambo wa ku Area 47.

Bambo, zida zanu zilibe mlandu, ndipo mwasankha nebula yabwino koposa. Carina, imene m'mabuku imatchedwa NGC 3372, anailemba koyamba ndi Nicolas-Louis de Lacaille ali ku Cape of Good Hope m'zaka za m'ma 1750. Ndi yaikulu kuposa ya Orion, ndipo anzathu ambiri a ku Ulaya saiona n'komwe chifukwa ili kummwera kwambiri. Kuno ku Lilongwe imakwera madigiri pafupifupi 44 chakummwera. Pakati pake pali nyenyezi ya Eta Carinae, imene mu 1843 inawala mpaka kukhala yachiwiri kwa Sirius pa thambo lonse la usiku.

Choyamba chimene chikuchepa ndi nthawi. Zithunzi zanu zonse pamodzi ndi mphindi 40 zokha. Timadontho mukutionato ndi chimene ojambula amachitcha noise, ndipo timachepa pamene mwasanjikiza zithunzi zambiri, koma sitichepa mofanana ndi nthawi imene mwawonjezera. Kuti chithunzi chiyere kawiri muyenera kujambula nthawi yochuluka kanayi, kutanthauza mphindi 160, ndipo kuti chiyerenso kawiri pamwamba pamenepo mufunika mphindi 640, amene ndi maola 10 ndi mphindi 40. Simukakamizidwa kuzipeza usiku umodzi, chifukwa pulogalamu imatha kuphatikiza zithunzi za masiku atatu kapena anayi. Ine pa Carina ndimayamba kukhutira ndikafika maola anayi, ndipo ngati mount yanu ikutsata bwino yesani mphindi zitatu kapena zisanu pa chithunzi chilichonse, popeza fyuluta ya nanomita 7 imalowetsa kuwala kochepa kwambiri moti pa mphindi ziwiri timadontho ta kamera yeniyeniyo timakhala tikadali ndi mphamvu.

Kufiira kwa paliponse si cholakwika, ndi mmene nebula ilili. Fyuluta yanu imatsegula mipata iwiri, wa H-alpha ndi wa OIII. Sensa ya kamera ya mitundu inagawidwa m'timagulu ta mapikiselo anayi, imodzi yofiira, ziwiri zobiriwira ndi imodzi ya buluu, choncho H-alpha imagwera pa yofiira yokha pamene OIII imagawanika pa zobiriwira ndi ya buluu. Popeza haidrojeni ndi wamphamvu, amaphimba okosijeni, ndipo mukangokoka buluu pa chithunzi chathunthu mumakoka ndi timadontho tomwe. Njira yake ndi kulekanitsa ziwirizi musanayambe kukometsa. Pulogalamu ya Siril, imene ndi yaulere, ili ndi script yotchedwa OSC_Extract_HaOIII imene imasanjikiza zithunzi zanu n'kukupatsani zithunzi ziwiri zopanda mtundu, china cha haidrojeni, china cha okosijeni. Mukatsegula cha okosijeni koyamba mudzachiona chofooka, koma muyang'anitsitse pafupi ndi Eta Carinae ndi timagulu ta nyenyezi ta Trumpler 14 ndi Trumpler 16, mudzapeza kuti pamenepo n'chowala ndithu, chifukwa pamafunika nyenyezi zotentha kwambiri kuti okosijeni ataye ma elekitironi awiri. Chithunzi chanu chomaliza chiyenera kuonetsa zimenezi, buluu pakati, kufiira m'mphepete.

Makona akuda akundiuza kuti simunajambule ma flat. Izi ndi zithunzi za kuwala kosalala zimene zimaonetsa pulogalamu mmene telesikopu yanu imadetsera m'mbali ndi pamene pali fumbi. Ine ndimakunga malaya oyera opanda zolemba kukamwa kwa telesikopu, n'kumanga ndi kalabala, kenako n'kuika sikirini yoyera ya laputopu patsogolo pake, ndipo ndimajambula 30 ndisanasunthe fokasi kapena kutembenuza kamera. Ulusi wa malayawo suoneka chifukwa uli pafupi kwambiri ndi galasi. Mufunikanso ma dark, oonetsa zipsera za sensa yeniyeniyo, ojambulidwa chivindikiro chili chotseka, a nthawi ndi ISO yofanana ndi zithunzi zenizeni, pa kuzizira komweko kwa usikuwo, komanso ma bias, amene ndi achangu kwambiri chivindikiro chili chotsekabe. Ngati mount ikulola, muziisuntha pang'ono kwambiri pakati pa zithunzi, chimene chimatchedwa dithering, kuti zipsera za sensa zisamagwere pamalo amodzi.

Tsopano pa kukonza kwenikweni, pamene ambiri amaonongera ntchito ya usiku wonse. Yambani ndi kudula m'mphepete mmene zithunzi sizinakumane bwino. Kenako chotsani kuwala kwa tauni kumene kumapangitsa mbali imodzi kuyera kuposa inzake, pogwiritsa ntchito Siril yomweyo kapena GraXpert, koma pa Carina muchenjere, chifukwa nebula imadzaza pafupifupi chithunzi chonse ndipo pulogalamu ikhoza kuyesa mpweya weniweni ngati kuwala kwa magetsi n'kuufufuta. Ikani timfundo toyezera m'malo okhawo amene mukutsimikiza kuti ndi thambo lopanda kanthu. Mukatero, chotsani nyenyezi ndi pulogalamu ya StarNet n'kuzisunga padera, kuti pamene mukukweza kuwala kwa nebula nyenyezi zisatupe. Kwezani chithunzi cha haidrojeni pang'onopang'ono, kangapo, osati kamodzi mwamphamvu, ndiyeno kwezani cha okosijeni mpaka mdima wa kumbuyo kwake ufanane ndi wa haidrojeni. Mdimawo usafike pakuda bii, ukhale wotuwirako, chifukwa mpweya wofooka umabisala m'menemo ndipo mukaudula subwereranso. Pomaliza, mu PixelMath, chida chophatikizira zithunzi cha mu Siril, ikani haidrojeni pa chofiira, okosijeni pa chobiriwira ndi pa buluu. Dongosolo limeneli ndi HOO, ndipo ndi limene limayandikira mitundu yeniyeni ya mizere iwiriyi. Mukathirako haidrojeni pang'ono ku chobiriwira, kufiira kumapendekera ku golide, ndipo kuchuluka kwake ndi kukonda kwanu. Koma musachitche SHO, popeza fyuluta yanu siilowetsa salfa.

Pa zochotsa timadontho ndili ndi maganizo amphamvu. Mapulogalamu a masiku ano amatha kusalaza chithunzi mpaka nebula kuoneka ngati pulasitiki, ndipo pamenepo timizere tating'ono ta fumbi, monga kamdima ka Keyhole pambali pa Eta Carinae, timasungunuka. Gwiritsani ntchito pang'ono, makamaka pa chithunzi cha okosijeni, ndipo musiye timadontho tina tioneke. Nyenyezi zojambulidwa ndi fyuluta yotere sizikhala ndi mitundu yake yeniyeni, choncho ngati mukufuna zoyera bwino, chotsani fyuluta n'kujambula zithunzi za masekondi 20 kapena 30 kwa mphindi 15, nyenyezi za m'menemo n'kuzibwezera pa nebula yanu.

Akonzi, ndinabwereka telesikopu ya Seestar S50 ndipo mu Disembala ndinayesa kujambula Nsangwe nditayatsa fyuluta yake ya m'kati. Ndinayembekezera nkhungu ya buluu imene ndimaiona m'zithunzi, koma ndinangopeza nyenyezi. Kodi makinawo ndi owonongeka? Mayi wa ku Kawale.

Mayi, makinawo ali bwino, kungoti fyulutayo siyothandiza pa Nsangwe. Nkhungu ya Nsangwe, imene m'mabuku ndi M45, siwala yokha. Ndi fumbi limene likubweza kuwala kwa nyenyezi, ndipo kuwala kwa nyenyezi kuli ndi mitundu yonse, choncho fyuluta yolowetsa H-alpha ndi OIII yokha imataya gawo lalikulu. Zimitsani fyuluta, sankhani usiku wopanda mwezi, ndipo ngati n'kotheka chokani m'tauni. Chimodzimodzinso pa milalang'amba yakutali, pa mbali ya buluu ya nebula ya Trifid, ndi pa mdima wa Coalsack umene uli pambali pa nyenyezi za Mtanda wa Kummwera. Fyuluta muiyatse pa nebula zowala zokha monga Carina, Lagoon, Omega, Tarantula ndi Rosette.

Akonzi, ndikuyamba kumene. Kodi m'tauni muno, ndi magetsi onsewa, munthu angajambule chinthu chooneka? Nanga ndi miyezi iti yabwino, ndipo mount ndiilunjikitse bwanji poti nyenyezi ya Polaris imene mavidiyo amanena sindikuipeza? Wophunzira, Area 18.

Achimwene, Polaris musavutike kuifuna, kuno ili pansi pa nthaka. Lilongwe ali madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa equator, choncho thambo lathu limazungulira malo amene ali madigiri 14 pamwamba pa nthaka chakummwera, ndipo nyenyezi yapafupi ndi malowo, Sigma Octantis, ndi yofooka moti m'tauni imamira m'fumbi ndi m'kuwala kwa magetsi, ngati sinabisike kale kuseri kwa mpanda kapena mtengo wa mango. Ikani mount pa madigiri 14, muilozetse kummwera, muonetsetse kuti mwaisinthira ku mayendedwe a chigawo cha kummwera, kenako mugwiritse ntchito pulogalamu imene imajambula mbali ina ya thambo n'kukuuzani pokhotetsa, monga chida cha mfundo zitatu cha mu NINA kapena cha drift cha mu PHD2. Thambo limayenda madigiri 15 pa ola, ndipo kulakwitsa pang'ono pano kumasandutsa nyenyezi kukhala timizere.

M'tauni mungajambule ndithu, ndipo apa m'pamene narrowband imaonetsera phindu lake. Magetsi achikasu a sodium amawala pa nanomita 589, kutali ndi mipata ya fyuluta, ndipo a LED, ngakhale amamwaza kuwala pa mitundu yonse, kamene kamadutsa pa kampata ka nanomita 7 ndi kochepa. Mwezi nawonso suvutitsa kwambiri H-alpha, koma OIII imasokonezeka nawo msanga, choncho okosijeni mumusungire masiku a mdima. Chimene fyuluta singachotse ndi getsi la chitetezo la oyandikana nawo likamawalira m'kamwa mwa telesikopu, ndipo mankhwala ake ndi kukapempha mwaulemu kapena kutchinga ndi mphasa.

Miyezi ya Epulo mpaka Julayi ndiyo ndimaidalira, chifukwa mvula imakhala itatsuka mlengalenga. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mitambo imasowa, koma utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba thambo, makamaka m'munsi, ndipo okosijeni ndiye amayamba kufooka. Orion amakwera bwino nthawi ya dzinja, ndiye amangopezeka mwa apo ndi apo mitambo ikapatuka, chimodzimodzinso Tarantula, imene ili mu Large Magellanic Cloud, mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 160,000. Carina muithamangire tsopano, chifukwa kumayambiriro kwa Meyi imafika pamwamba pake cha m'ma 8 koloko usiku ndipo sabata iliyonse imafulumira ndi pafupifupi theka la ola.

Nyengo yozizirayi ili ndi mdani wake, mame. Usiku wina wa mu Juni ndili chakufupi ndi phiri la Bunda ndinasiya kamera ikujambula n'kukakhala m'galimoto kuthawa chisanu, ndipo nditabwerako ndinapeza nyenyezi za pa sikirini zitavala zinkhungu zoyera kuzungulira. Nditaunika ndi tochi yofiira, galasi lonse linali ndi timadontho ta madzi tosalala ngati pa botolo lochokera m'firiji, ndipo zithunzi za maola awiri ndinazitaya. Kuyambira pamenepo ndimamanga kalamba kotenthetsera kolumikiza ku power bank, ndipo mount ndi laputopu ndimazidyetsa pa batire ngakhale ndili kunyumba, kuti magetsi akazima pakati pa usiku ntchito isaduke. Mukafuna mdima weniweni chakunjira ya Mitundu, Nkhoma kapena Dzalanyama, pitani masana mukaonekere kwa a mfumu ndi kwa a chitetezo cha m'mudzi, muwafotokozere, ndipo amene akufuna muwaonetse pa sikirini, chifukwa mlendo woimika zida zachilendo m'munda pakati pa usiku amadzetsa mantha omveka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna wojambula aliyense wa mu Lilongwe achidziwe. Nebula ya Eagle, M16, mmene muli zipilala zija za chithunzi cha Hubble cha 1995, ili madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa equator ya thambo, mlingo wofanana ndi wa mzinda wathu, kotero imadutsa paliwombo penipeni, pamene mpweya ndi utsi wodutsamo kuwala zimakhala zochepa kuposa pena paliponse. Kumapeto kwa Juni imafika pamenepo cha pakati pa usiku, pakati pa Julayi cha m'ma hafu pasiti 10 koloko, ndipo Omega ndi Lagoon zimadutsa chapafupi nthawi yomweyo. Ndi telesikopu ya mamilimita 72 ngati ya bambo a ku Area 47 zipilalazo zimatuluka zazing'ono koma zodziwika, makamaka pa chithunzi cha haidrojeni. Kumbukirani kuti mount ya equatorial, imene imatsata kuzungulira kwa thambo, imafunika kutembenuzidwa nebula ikangodutsa pakati pa thambo, ndipo muyang'ane kuti kamera isagunde mwendo wa tripod pamene telesikopu yaloza m'mwamba.